Za Bokosi Loimba la M'nyumba Mwathu

Tifuna kukuuzani za chinthu chimene chinachitika m'nyumba mwathu kuno ku Nkope m'chaka cha 2024. Kapena ena adzati nkhani ya wailesi ndi yochepa, yosayenera kulowa m'buku la Mpingo. Koma ife tiyesa kuti siili yochepa, pakuti chimene chilankhula m'nyumba madzulo onse chikhala ngati mmodzi wa pabanja, ndipo mwini nyumba ayenera kumdziwa mlendo amene wamlowetsa.

M'mwezi wa June, mwera uli kuomba, asodzi atakokera ngalawa zao pamchenga, wailesi yathu ya kaseti inaleka kulankhula. Inali itatumikira zaka zoposa 30, ndipo tinali titaimanga ndi mphira m'malo awiri, ndi kuikapo kamtengo pamene panathyoka chotsegulira. Tinapita nayo kwa mmisiri ku Monkey Bay, ndipo iye anaitsegula, naiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu, nati, "Bambo, ichi chapuma, mchenga ndi chinyezi zadya za m'kati zonse." Tinabwera nayo kwathu pa njinga monga munthu abwera ndi wodwala amene achipatala amlephera.

Amene anamva chisoni koposa ndiwo amai athu otibala, amene adzukulu awatcha agogo. Iwo maso ao anachita mdima zaka zapitazo, ndipo sakhoza kuwerenga buku la nyimbo kapena kuyenda okha kufikira ku tchalitchi cha pa phiri. Wailesi ndiyo inali maso ao ndi miyendo yao. Ndipo iwo ndiwo akumbukira mabokosi onse oimba amene analowa m'mudzi muno. Loyamba linali galamafoni imene amalume ao anabwera nayo pochoka ku ntchito ku Salisbury, yopukusa ndi dzanja, ndi mbale zake zakuda zosachedwa kusweka, ndi kabokosi ka singano. Singano zitatha, anthu ankazinola pamwala. Pambuyo pake inadza wailesi yobulungira, yobiriwira ngati thambo, yonga sefuliya, imene a Ever Ready anayamba kugulitsa m'chaka cha 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndi batire lake lalikulu pa mashiling'i 25. Ndipo anthu ankasonkhana pabwalo la mphunzitsi kumva Lusaka alikulankhula Chinyanja, ndi Alick Nkhata alikuimba ndi gitala. M'chaka cha 1964 mau anayamba kuchokera ku MBC ya dziko lathu lomwe, ndipo m'nyumba zambiri munalowa mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre. Potsiriza inadza kaseti, imene inatipatsa Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka pa nthawi imene ife eni tifuna, osadikira muulutsi. Zonsezi amai athu azinena monga munthu awerenga maina a mafumu amene analowana ufumu.

Tsono mwana wathu wachisamba, amene agwira ntchito ku Johannesburg monga achita anyamata ambiri a boma lino la Mangochi, atamva kuti m'nyumba mwakhala chete, anatumiza marandi 2,000, ndi mau akuti, "Musagulenso za kaseti, atate, nyimbo zonse za pa dziko lapansi zili m'foni. Gulani masipika abwino olumikiza ku foni, kuti agogo amve." Ndalamazo zinaoneka zambiri titazisintha, koma mudziwa inu nonse kuti m'mwezi wa November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100, ndipo zinthu zochokera kunja zinakwera kuposa pamenepo. Ndiponso fizi ya mwana wathu wamkazi wa ku sekondale inali isanathe. Tinakhala pansi usiku ndi mai wa kunyumba kuwerenga, ndipo tinagwirizana kuti mphatso ipite kumene mwini wake anailozera, fizi ilipidwe ndi usipa wa pa thandala.

Tinakwera galimoto kunka ku boma, ndipo m'sitolo ina, imene sitiitchula, tinaona bokosi lalikulu lakuda, lofika m'chiuno, la nyali zofiira ndi zobiriwira zothwanima monga mwa kugunda kwa ng'oma, ndi timasipika tina tinai. Pa katoni yake panalembedwa 5,000 W ndi zilembo zazikulu. Mnyamata wogulitsa analitsegula, ndipo pansi pananjenjemera, ndi anthu a mumseu anaima kuyang'ana. Pamenepo mtima wathu unagwidwa, tivomere poyera, si chifukwa cha agogo ai, koma chifukwa tinaona m'maganizo mwathu anansi alikucheukira ku nyumba yathu. Sitinafunse kanthu. Tinalipira ndalama zotsala pang'ono kutha, tinanyamula.

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba yathu ilibe magetsi a ESCOM. Tili ndi sola imodzi ya mawati 50 padenga, ndi batire la mavoti 12, zimene zitipatsa nyali zitatu ndi kudzaza mafoni. Bokosi lija linafuna magetsi a mavoti 230, motero tinabwereka invata kwa mlamu wathu. Usiku woyamba linaimba, ndipo ana a mudzi wonse anadzaza pakhomo. Koma isanakwane 10 koloko invata inayamba kulira ngati mwanapiye, nyali zinazilala, ndipo nyumba yonse inagwa mumdima. Mwana wa sukulu analephera kuwerenga. M'mawa mwake zinatero, ndi mkuja womwe. Amai athu sanadandaule, koma tinaona kuti bokosi likayamba iwo anyamula mpando wao nakakhala kuseri kwa nyumba, ndipo titawafunsa anati, "Mwanawe, chimenechi chindigunda pamtima ngati mtondo, koma mau a woimba sindiwamva."

Pali mphunzitsi wina wopuma ntchito amene apemphera nafe, wodziwa za mawaya. Ndipo iye anadza, natenga pensulo, natiwerengera pa chikuto cha kope zimene tikadayenera kufunsa tisanagule. Tizilemba pano chifukwa tidziwa kuti m'nyumba zambiri za owerenga muli sola ndi batire zonga zathu. Batire lathu lalembedwa 40 Ah. Ukachulukitsa 40 ndi mavoti 12 upeza 480, ndiyo nkhokwe yonse ya mphamvu. Koma batire la mtovu ndi asidi silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka, likatero masiku onse lifa msanga. Chotero zathu zenizeni ndi 240 zokha. Bokosi lija pamodzi ndi invata lidya mawati ngati 60, ndiko kuti m'maora 4 latha zonse, nyali zisanalandire gawo lao. Ndipo sola ya mawati 50, ngakhale dzuwa la kuno liwale bwino, siibweza zoposa 200 pa tsiku. Tinali ngati banja lolima munda wa matumba awiri limene laitana mlendo wakudya matumba atatu.

Za 5,000 W zija mphunzitsi anaseka. Anati chiwerengero chotere, chimene alemba pambali pake PMPO, ndi cha malonda chabe, chosayesedwa ndi muyeso umodzi. Chiwerengero choona ndi chimene alemba RMS, kawirikawiri ndi tizilembo tating'ono kumbuyo, ndipo titatembenuza bokosi lathu tinapeza 40. Bokosi silingatulutse mphamvu yoposa imene lilandira, anatero. Likadakhala la 5,000 zoona, batire lathu likadatha m'mphindi zosakwana zisanu. Anatiuzanso chinthu chimene chinatidabwitsa, chakuti khutu la munthu silimva monga masamu awerengera: ukawirikiza mawati kawiri phokoso likwera pang'ono pokha, ndipo kuti limveke lowirikiza kawiri afunika mawati ochuluka kakhumi. Nyumba ya zipinda zitatu ikwanira ndi mawati 10 kapena 15. Sipika yaikulu ija, imene anyamata aitcha sabufa, ntchito yake ndi mau a pansi okha, a ng'oma ndi gitala lalikulu. Koma mau a munthu woimba akhala pakati, ndipo atuluka m'timasipika tija tinai, timene pa bokosi lathu tinali topepuka ngati zitini zopanda kanthu. Amai athu, osaona ndi osadziwa masamu, anali atanena zomwezo tsiku lachiwiri.

Tinabwerera nalo ku sitolo, koma mwini wake anakana kulilandira, nati katundu wotuluka sabwerera. Tinaligulitsa motchipa kwa mnyamata wa kanema pa msika, ndipo gawo limodzi la magawo atatu a ndalama za mwana wathu linapita m'madzi. Kulemba kalata yomuuza zimenezi kunatilemera koposa kunyamula bokosilo. Ndi zotsalazo tinagula kaampulifaya kakang'ono, kokwana m'manja awiri, kolandira mavoti 12 molunjika kuchoka ku batire popanda invata. Ndipo masipika awiri tinawachotsa m'wailesi yakufa ya m'nyumba ya mphunzitsi, kalipentala natikhomera mabokosi a matabwa olimba, opanda mpata wotulukira mpweya m'mphepete. Tinawaika pa thabwa, pa msinkhu wa khutu la munthu wokhala pampando, motalikirana mikono inai, osati pansi kapena pangodya pamene mau achita ngati a m'mbiya. Zonse pamodzi zidya mawati osafika 10. Ndipo titaika nyimbo ya kwaya, amai athu anatembenuza mutu, nati, "Eya, tsopano ndimva kuti awa ndi amai, awa ndi abambo."

Kaampulifayako kalankhulana ndi foni popanda waya, mwa njira yotchedwa Bluetooth, imene ifika mapazi ngati 30, ndipo khoma la njerwa liifupikitsa. Dzinali, anatiuza mphunzitsi, ndi la mfumu Harald ya ku Denmark, imene inalamulira zaka zoposa 1,000 zapitazo, niimika mwala wolembapo kuti inagwirizanitsa dziko lake ndi kulowetsa anthu ake m'Chikhristu. Tinakondwa kumva kuti ngakhale m'zinthu za anyamata mubisala mbiri ya Mpingo, iwo osadziwa.

Koma tsono panatsala phunziro lina, la nyimbo za pa intaneti. Kale munthu akagula mbale kapena kaseti, nyimbo inali yake, monga madzi a mumtsuko; akafuna amwa, osalipiranso. Nyimbo ya pa intaneti ili ngati madzi a pampopi wolipira: siikhala m'nyumba mwako, idza kuchokera kutali nthawi yomweyo uimva, kudzera pa nsanja ya foni, ndipo ukaimvanso mawa ulipiranso. Malipiro ake ndiwo bandulo imene tigula kwa TNM kapena Airtel. Nyimbo ya mau okha idya pafupifupi MB imodzi pa mphindi, kotero kuti GB imodzi ikhoza kuimba maora ngati 17. Koma nyimbo yomweyo ikadza ndi zithunzi zoyenda, monga pa YouTube, idya kasanu kapena kakhumi kuposa apo. Ife sitinadziwe ichi, ndipo bandulo ya mwezi inatha m'masiku anai, adzukulu atazinga foni kuonera ovina, agogo osaona ali kulipirira zithunzi. Tsopano taphunzira kusankha mau okha, ndi kutsitsa nyimbo zimene tizikonda kuti zikhale pa memori khadi, ndiko kutunga kamodzi ndi kudzaza mtsuko. Pakutinso netiweki ya kuno ili ndi masiku ake. Madzulo ena nyimbo iima pakati pa mau, niyembekeza, niyambanso, monga mwana wa kalasi amene waiwala vesi.

Sitifuna kunyoza chinthu chabwino. Zimene mwana wathu ananena zili ndi choonadi chake, ndipo taona zodabwitsa. Tamva makwaya a ku Tanzania, a ku Zambia ndi a ku England m'nyumba ya ku Nkope usiku umodzi. Tamva Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa m'chaka cha 1930, amene amai athu anammva pa wailesi ali mtsikana wa ana awiri. Nyimbo yake ya Linny Hoo, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok m'maiko a anthu osadziwa ndi liu limodzi lomwe la Chichewa, mwini wake ali ndi zaka zoposa 90. Ndipo m'masiku omwewo a June, pa 30, pamene inamveka imfa ya Lucius Banda, mudzi wonse unafuna nyimbo zake, ndipo zinapezeka. Kuyambira m'chaka cha 2021 ngakhale Spotify ilandira anthu a m'Malawi. Chimodzi chokha chitivuta mumtima: pamene tinkagula kaseti tinkadziwa kuti kanthu kafika kwa woimba, koma pamene mnyamata wa pamsika adzaza khadi ndi nyimbo mazana pa ndalama yochepa, woimbayo salandirapo nsima, ngakhale bungwe la COSOMA lakhala likulimbana nazo kuyambira 1992. Ife Akhristu sitiyenera kuyesa kuti chosagwirika ndi manja sichibedwa.

Tinaonanso kuti nyumba inayamba kusintha. Chizolowezi chathu chinali kuimba nyimbo imodzi tisanapemphere usiku, ndi pakamwa pathu, bwino kapena moipa. Bokosi litadza, mdzukulu wina anati, "Bwanji tingoika ya m'foni, popeza iwo aimba bwino koposa ife?" Ndipo masiku angapo tinatero, tili chete ngati alendo m'nyumba yathu yomwe, kufikira amai athu anakana, nati Mulungu sanapemphe kwaya ya ku England kuti iwapempherere iwo. Kuyambira pamenepo bokosi lizimitsidwa nthawi ya mapemphero. Lizimitsidwanso pamene anansi athu Achisilamu aitanidwa ku swala, pakuti nyumba zathu zayandikana, ndipo makolo ao ndi athu anakoka khoka limodzi. Iwonso satsegula zao Lamulungu m'mawa. Palibe amene analemba pangano limeneli.

Koma chimene tinalembera nkhani yonseyi ndi ichi. Tsiku lina amai athu anapempha nyimbo ya Pasaka imene aikonda, ya m'gulu la nyimbo zija amishoni a UMCA anazimasulira m'Chinyanja cha kunyanja ndi kuzisindikiza ku Likoma, zimene zinafika m'midzi ino m'masiku amene Archdeacon Johnson ankayenda m'magombe, ndi sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyandama mu 1901, inkanyamula aphunzitsi ndi mabuku. Mdzukulu analemba dzina lake m'foni, nafuna, nafunanso. Anapeza maimbidwe ake m'Chingerezi, ndi limba lalikulu. Anapeza kwaya ya m'tauni iliyimba mofulumira ndi kiyibodi. Koma monga iimbidwa kuno, mochedwa, popanda choimbira, amuna alikutsata pambuyo ngati mafunde a mpoto, sanaipeze. Amai anamvera zonse mofatsa, nati, "Si imeneyo." Nyimbo zonse za pa dziko lapansi zinalimo, koma yathu munalibe, chifukwa palibe wa kwathu amene anaiikamo.

Pamenepo tinakumbuka kuti m'sutikesi ya pansi pa kama muli kaseti imodzi yopanda chithunzi, yolembedwa ndi bolopeni. Mphunzitsi wina anajambula kwaya ya kwathu pa Pasaka wa 1988, wailesi ataiika pa benchi la patsogolo. Ndipo atate athu, amene anatisiya zaka zambiri zapitazo, ndiwo ankatsogolera mau a pansi. Kaseti imeneyo amai ankaimva kamodzi pa chaka. Ndipo taonani, m'chipangizo chathu chatsopano munalibe khomo lolowetsapo kaseti. M'kukondwa kwathu konse ndi mawati ndi mabandulo sitinaganizepo za ichi, ndipo iwo, pochita ulemu ndi mphatso ya mdzukulu wao, sananene kanthu miyezi itatu.

Tinayenda midzi itatu kufuna wailesi ya kaseti yamoyo, ndipo tinaipeza kwa mkulu wina wa mzikiti, amene anatibwereka ndi mtima wonse. Mphunzitsi anapukuta mutu wake wowerengera ndi thonje lonyowetsa m'spiriti, ndi kagudumu ka mphira komwe, pakuti kameneko kakada ndiko katafuna lamba. Kasetiyo tinayamba taizunguza ndi pensulo kuchoka kuchiyambi kufikira kumapeto, kuti lamba amasuke, popeza anali atagwirana ndi chinyezi. Tinatseka mazenera, tinathamangitsa nkhuku, tinaika foni patsogolo pa wailesi pa mtunda wa chikhato chimodzi, ndi kuuza ana kuti asatsokomole. Lamba anayenda. Pa nyimbo yachitatu anayamba kukwinyika, ndipo mitima yathu inaima; mphunzitsi anaimitsa msanga, namtulutsa ndi chala, namwongola pa bondo, ndipo pamalo pamenepo mpaka lero mau anjenjemera pang'ono. Mbali zonse ziwiri zinatha m'ora limodzi. Tinaziika pa makhadi awiri, imodzi tinapereka kwa mkulu wa kwaya, ndipo zina tinatumiza pa WhatsApp kwa mwana wathu ku Johannesburg, amene sanamvepo liu la agogo ake aamuna. Iye anayankha usiku womwewo ndi mau ochepa, nati waimva katatu ali m'chipinda chake, ndi kuti za ndalama zija tisazikumbukirenso.

Madzulo ake tinakhazika amai pampando wao pakati pa masipika awiri aja, ndipo tinatsegula. Munamveka kukhosomola kwa anthu a 1988, ndi mwana wina alikulira kumbuyo kwa tchalitchi, ndi benchi likulira. Kenaka amai a kwaya anayamba, ndipo amuna analowa pambuyo pao. Amai athu anakweza dzanja kuti tikhale chete, natchera khutu ku sipika ya kumanzere, nakhala chomwecho kufikira vesi lachiwiri. Pamenepo anati, "Awo. Achedwa kulowa, monga mwa masiku onse." Ndipo anayamba kuimba nao, ndi liu lao lokalamba, alikugunda nthawi ndi chala pa bondo kuti atate afulumire.